Azakhali a Felesiya ndi Siketi ya Miyendo Iwiri

Loweruka lapitali tinali kumudzi, ku Nsanje, kukavundukula chiliza cha azakhali anga a Felesiya. Zinatitengera zaka zambiri kuti tichiwake, ndipo amene anathamanga nayo ntchitoyi ndi adzukulu a bambo anga, ana amene azakhaliwo sanawaonepo ndi maso. Nsalu itachotsedwa ndinawerenga zimene analembetsa pamwalapo. Akuti anali mayi wofatsa ndi wodekha. Ndinacheuka uku ndi uku kuti mwina wina aseka. Palibe anaseka. Pa anthu onse amene tinaima padzuwa paja, wowadziwa ndinatsala ndekha.

Azakhali sanali ofatsa. Anali telala pakhonde la sitolo ina ya amwenye ku Limbe, mayi wamtali, wouma thupi, wa mawu okalipa ngakhale pokupatsa moni. Ankakhala okha m'kanyumba ka lendi ku Chinyonga. Amuna awo anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo chimene anawasiyira chinali njinga yakuda yachimuna, ya mtanda pakati, yolemera ngati chitseko cha tchalitchi. Njinga imeneyo ndiyo inawadanitsa ndi theka la abale athu.

Mkazi wa kwathu kukwera njinga si nkhani. Kuchigwa atsikana amaphunzira kupalasa asanathe msinkhu, amanyamulapo thonje, madzi, ngakhale wodwala. Nkhani inali yakuti azakhali ankakwera njinga osanyamula katundu, ndiponso osapita kwa munthu. Lamulungu ankalowa misa yoyamba, kubwerako n'kumanga botolo la tiyi ndi mbatata pakaliyala, basi ulendo. Ukawafunsa kumene akupita ankati ku Chiradzulu. Ukafunsa kuti kwa yani ku Chiradzuluko, ankakuyang'ana ngati wawaponda chala. Ankati akukaona phiri, ndipo ngati yankho limenelo silikukwanira, vuto ndi lako.

Ankakonda kunena kuti kwathu kuchigwa munthu amabadwa, kukula mpaka kufa osaonapo denga la nyumba yake ali pamwamba. Iwo anadzadziwa zimenezi atafika kale ku Limbe, ali mayi wamasiye. Tsiku lina anakankha njinga ija kukwera mbali ya Mpingwe, akufuna nyumba ya mayi wina amene anawasokera diresi. Nyumbayo sanaipeze. Koma atacheuka anaona Limbe yense ali pansi pawo, njanji, msika, ngakhale khonde limene ankakhalapo sabata yonse. Ankati anakwiya tsiku limenelo, kuti zinthu zoterezi zinalipo nthawi yonseyi koma palibe anawauza.

Kuyambira pamenepo anayenda misewu yonse yotuluka m'tauni muno. Ankatenga wa Midima kudutsa ku Bangwe, n'kupatukira m'tinjira tafumbi tolowera ku Chiradzulu, mpaka paphewa lina la phirilo pamene Mulanje amaoneka yense kukacha bwino. Ankatenga wa ku Thyolo kudzera ku Chigumula ndi ku Bvumbwe, n'kukaima pa mwala uja apaulendo amauzungulira popempha kuyenda bwino. Iwo sankauzungulira. Ankangotsamiritsapo njinga n'kumanga nsapato. Minda ya tiyi ankaiyang'ana ndi diso la telala, kutamanda pamene mizere yawongoka, kunyoza pamene yakhota. Zitunda anazipatsa mayina awoawo. China ankachitcha Wabodza, chifukwa ukaganiza kuti wafika pamwamba chimayambanso. China ankachitcha Tomasi, dzina la bambo anga, chifukwa chinali chaching'ono koma chotopetsa.

Ine ndinayamba kuwatsatira nditayamba kale ntchito m'tauni, panjinga yobwereka kwa oyandikana nawo. Ndisaname, kuyenda nawo kunali chilango. Sankadikira munthu. Ukatsika pachitunda kuti ukankhe, ankapitirira osacheuka, ndipo ukawapeza pamwamba ankakufunsa ngati njingayo yadwala kuti uziitsogolera ngati nkhalamba. Pamwambapo sankafuna phokoso. Umayenera kukhala chete mpaka amalize tiyi wawo. Ndinalakwitsa kamodzi kunena kuti kuno n'kokongola. Anandikalipira kuti mawu amenewo ndi a munthu waulesi. Ankafuna unene chimene ukuona, kuti uko akuwotcha njerwa, uko mtsinje wasefukira n'kusiya mchenga m'dimba, uko denga la sukulu lasasuka. Kangapo ndinalumbira kuti sindidzapitanso. Lamulungu likafika ndinkapezeka ndikupopa matayala.

Poyamba ankavala buluku la khaki la malemu amuna awo, n'kumanga chitenje pamwamba. Akangodutsa nyumba zomaliza za ku Bangwe ankachotsa chitenjecho n'kuchipinda pakaliyala. Kenako kunabwera lamulo lija loletsa akazi kuvala mabuluku ndi zovala zoonetsa mawondo. Anthu ambiri sanalione ngati kanthu. Amayi athu sankavala mabuluku ndi kale. Koma kwa azakhali linali ngati wina wawamanga miyendo.

Munthu amene sanapalasepo njinga ya mtanda atavala chitenje sangamvetse. Pokwera sungaponye mwendo. Pachitunda nsalu imakukanikiza maondo. Pamtsetse mphepo imaiulutsa, ndipo ukachotsa dzanja pahandulo kuti uigwire, ngozi ili pomwepo. Choipitsitsa ndi tcheni, chimene chimakoka mpendero n'kuumeza. Azakhali anayesa zonse. Anayesa mapini, anayesa zopanira zovala pachingwe, anayesa kumanga mphira wa chubu chakutha m'akakolo. Anasokerera timiyala mumpendero kuti ulemere, timiyalato n'kumawamenya m'misongolo mpaka kutupa. Anthu ankawauza kuti angogula njinga yachikazi. Ankati anaiyesa ya mayi wina, imanjenjemera pamtsetse ngati mbuzi yonyowa, ndipo tcheni chake chimadyanso nsalu chimodzimodzi. Akakwiya Chinyanja chinkawathawa, n'kubwerera Chisena cha kwathu. Ukangomva akuti "pinthu ipi" m'malo moti zinthu izi, umadziwa kuti chitenje china chang'ambika.

Bambo anga, mlongo wawo wamng'ono, ankagwira ntchito ya ukalaliki kunjanji, ndipo anali munthu wamantha. Sindikuwanena. Masiku amenewo mantha anali nzeru. Munthu ankatha kupita kuntchito m'mawa osabwerako, abale ake osayerekeza kufunsa. Tsiku lina anamva kuti kumudzi wina cha ku Chiradzulu anthu akudandaula za mayi wachilendo amene amaima pamwamba pa zitunda n'kumayang'ana misewu. Anabwera ku Chinyonga thukuta lili kamukamu, n'kundipeza ine ndili komweko.

"Achemwali, masiku ano munthu sangoyenda. Amayenda ndi chifukwa."

"Chifukwa ndili nacho."

"Chifukwa choti n'kuuza wapolisi, achemwali. Mukati mukukaona phiri, adzati mukuliona kuti mukauze ndani?"

"Ndikauze ndani? Ndimauza iwe, sumva. Ndimauza Rozina uyu, amangopuma ngati galu," anatero akundiloza ine.

"Ine ndili ndi ana."

"Iwe Tomasi, ana akowo ndawanyamula pakaliyala ine?"

Ankakangana motero chaka ndi chaka, mawu omwewo, mpaka tonse tinawaloweza.

Chimene bambo ankaopa sichinachitike. Sanawagwire apolisi. Chinawagwetsa ndi chitenje. Atakula kale, tsitsi litayera, akutsika mtsetse wina cha ku Bvumbwe, mpendero unalowa m'tcheni, tayala n'kuima nthawi imodzi. Anathyoka fupa la m'chiuno. Anachira mwapatalipatali, koma sanakwerenso njinga, ndipo makina osokera ankawapalasa ndi mwendo umodzi. Zaka zawo zomaliza anali munthu wovuta kumusamala. Ankataya phala, ankathamangitsa amayi a kutchalitchi obwera kudzawapempherera. Anatiuza tonse, osati kamodzi, kuti akadzafa tidzawaike kumtunda kuno, pamanda alionse a pachitunda, asabwerere kuchigwa kumene munthu saona kanthu. Atamwalira akuluakulu a banja anakhala pansi n'kunena kuti munthu amagona kwawo. Ndinayankhula, koma anandikumbutsa kuti ndine mwana wamkazi wa mlongo wawo chabe. Tinatsika nawo pa lole. Dziko linali likadali la chipani chimodzi, ndipo lamulo la mabuluku linali likadalipo.

Koma tsiku limene ndimawakumbukira nalo kwambiri linachitika kale zonsezi zisanafike, akadali ndi mphamvu zawo.

Kutchalitchi kwathu amayi ambiri anali ochokera kuchigwa, akazi a anthu ogwira ntchito m'tauni. Popita kumudzi ankatsika mapiri a ku Chikwawa pabasi, atapanikizana ndi katundu, ena atatseka maso poopa makona. Azakhali ankati n'zamanyazi kuti munthu adutse pamalo pamene dziko lakwawo lonse limaonekera, iye atagwira thumba losanziramo. Anaganiza zowatenga panjinga mpaka pamphepete pa mapiriwo, kupitirira Madziabango, akaime, akaone Shire ali pamwamba.

Anayamba kuwaphunzitsanso kupalasa pabwalo lina ku Chichiri, madzulo a Loweruka, panjinga za amuna awo. Ambiri ankadziwa kale, anangoiwala. Ankaseka, kugwa, kudzuka. Sindinawaonepo azakhali akupirira ndi anthu ngati masabata amenewo. Ndipo pofuna kuthana ndi vuto la tcheni anasoka chovala chimene anachiganizira kwa nthawi yaitali. Ukaima chinali siketi yaitali yofika m'akakolo, ya mapindo ambiri, yaulemu kuposa ya mkazi wa katekisiti. Koma mkati mwa mapindowo munali msoko wogawa pakati, mwendo uliwonse kwaokha. Ukakwera njinga nsalu inkagwera mbali zonse za mtanda, osayandikira tcheni. Anasokera aliyense yake, osalipiritsa, nsalu yabuluu wakuda.

Tsiku la ulendo linali m'nyengo yozizira. Tinapangana kukumana pamphambano ku Chichiri kukangocha. Tinadikira. Wina anatuma mwana kudzanena kuti mutu ukumupweteka. Wina akuti kwabwera alendo. Wina mwamuna wake anachotsa tayala lakutsogolo n'kulitsekera kuchipinda. Pa gulu lonse lija anabwera mmodzi yekha, amake Jowaki, mayi wamfupi wosekaseka amene amuna awo anali mlonda pa fakitale ina. Azakhali anayang'ana msewu kanthawi, kenako anati tiyeni.

Ulendo unayamba bwino. Chovala chija chinagwira ntchito, ndipo kunena zoona sindinapalasepo momasuka chotero. Tinadutsa Mpemba kumwamba kuli mbee. Amake Jowaki ankaimba nyimbo za kwathu pamtsetse uliwonse. Azakhali anafika powadikira pamwamba pa chitunda, chinthu chimene ine sanandichitirepo.

Tisanafike ku Chadzunda panali kamsika, ndipo anyamata a chipani ovala malaya ofiira anali atapingasa nsungwi pamsewu, akuona makadi a chipanicho. Zimenezo tinazizolowera. Makadi tinali nawo. Ine ndi amake Jowaki tinaima n'kutsika mwaulemu, mopendeketsa njinga. Koma azakhali, chifukwa cha kukondwa kapena kuiwala, anatsika monga ankatsikira kale, kuponya mwendo kumbuyo pamwamba pa chishalo. Mapindo anatseguka. Mnyamata mmodzi anaona.

"Mayi, mwavala chiyani?"

"Siketi."

"Tatambasulani miyendo."

"Ungawauze amako zimenezo?"

Anthu a pamsika anayamba kusonkhana. Anyamata aja anakangana okhaokha, wina akuti ndi buluku, wina akuti buluku silikhala lotero. Kutigwira kuti aone sakanatha, anthu akuona. Mapeto ake anatuma munthu kukaitana mayi wapampando wa amayi a chipani m'deralo. Anatikhazika pansi pa mtengo wa mango, njinga atazigoneka patali. Mayiyo anali kumaliro kutsidya la mtsinje. Tinadikira dzuwa mpaka linafika pamutu. Amake Jowaki anasiya kuseka. Anandinong'oneza kuti amuna awo akachotsedwa ntchito nyumba ya kampani imene ankakhalamo atulukamo. Ine ndinkaganiza za bambo. Azakhali sankayang'ana munthu. Maso awo anali kum'mwera, kumene timitambo toyera tinayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri.

Wapampandoyo atafika anatitengera kuseri kwa kagolosale. Anali mayi wonenepa, wotopa, wa maso ofiira ndi utsi wa kumaliro. Anagwada n'kutembenuza mpendero wa azakhali, kutsata msoko ndi chala mpaka pamene unagawikana. Anautsatanso kachiwiri.

"Mwasoka nokha?"

"Ndasoka ndekha."

"Apa mwadula bwanji kuti pasakoke?" Anafunsa motsitsa mawu.

Azakhali anamuonetsa ndi manja, kuti umadula mokhota, n'kuikapo kansalu kena pakati. Mayiyo anagwedeza mutu. Anati iyenso amapalasa kupita kuchigayo, ndipo anakweza chitenje chake pang'ono kutionetsa chipsera pamsongolo. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati tapulumuka.

Tinabwerera kumsewu. Mayiyo anaima pakati pa anthu, anawayang'ana anyamata aja, n'kunena mokweza kuti ndi buluku. Anati popeza ndife amayi achikulire ndipo makadi tili nawo, nkhaniyi sipita patali, koma chovalacho chisachoke pamalopo chili ndi miyendo iwiri.

Azakhali anayang'ana amake Jowaki, amene misozi inali ikutsika. Kenako anapita panjinga yawo, anamasula kachikwama kamene ankasungamo zomatira chubu, n'kutulutsa lezala, singano ndi ulusi. Mayi wa pagolosale anatibwereka zitenje. Tinavula kuseri, n'kukhalanso pansi pa mango paja, azakhali akusula msoko umene anaukonza masabata onse aja, n'kulumikiza nsaluyo ndi manja kuti ikhale siketi wamba. Anayamba ndi ya amake Jowaki, kenako yanga, yawo pomaliza. Anthu anaimirira mozungulira kuonerera. Sanafulumire. Ngakhale pamenepo sakanalola msoko wokhota kutuluka m'manja mwawo, ndipo ine ndinkafuna kuwakuwira kuti angolumikiza mwachisawawa tizipita.

Atamaliza, amake Jowaki anati akubwerera. Azakhali sanawakakamize. Anangowauza kuti pamtsetse wa ku Mpemba agwire buleki yakumbuyo, osati yakutsogolo. Kenako anandiyang'ana ine. Ndinkafunitsitsa kubwerera nawo. Ndinakwera njinga n'kuwatsata azakhali.

Tinapalasa nsalu ikukola m'maondo, tikuima pafupipafupi kuichotsa m'tcheni. Tikudutsa Madziabango mphepo inasintha, kunayamba kuwaza kamvula kosamveka kaja ka chiperoni. Pofika pamalo pamene ankafuna, pamene msewu umayamba kutsika mokhotakhota, panalibe choona. Nkhungu inali itadzaza chigwa chonse mpaka m'mapazi mwathu. Mtengo umene unali patsogolo pathu tinkauona theka.

Azakhali anatsamiritsa njinga pamwala. Anayenda mpaka pamphepete, n'kutambasula dzanja kuloza m'nkhungumo.

"Apo ndi Shire. Amakhota apo, n'kukhotanso apo. Uko ndi ku boma ku Chikwawa. Ukatsata msewu ndi diso umafika ku Nchalo. Kwathu n'kuseri uko, sikuoneka, koma umadziwa kuti ndi uko."

"Azakhali, sindikuona kanthu."

"Ndikudziwa kuti sukuona kanthu! Ukuyesa ndine wamisala? M'mawa kunali mbee. Bwenzi ataona. Amake Jowaki akhala zaka zonsezi akudutsa pano atatseka maso, bwenzi lero ataona."

Anakhala pansi pa udzu wonyowa. Sanamasule botolo la tiyi. Anayamba kuyankhula Chisena chokhachokha, mofulumira, osati kwa ine. Ankatukwana anyamata aja, amuna a amayi aja, tcheni, bambo anga, mwendo wawo umene unawapereka. Za wapampando uja sananene kanthu, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake. Nditamutchula ine kuti ndi mthirakuwiri, anandiuza kuti nditseke pakamwa, sindikudziwa kukhala ndi anyamata otero pakhomo tsiku ndi tsiku.

Tinabwerera pa lole ya makala, njinga zili pamwamba pa matumba, chinthu chimene kwa iwo chinali manyazi ena. Nkhani inatipitirira kukafika ku Limbe. Amayi aja anabweza masiketi awo mmodzimmodzi, ena kudzera mwa ana, ena kungowasiya pakhonde azakhali atapita kukadya. Ambiri anasiya kusoketsa kwa iwo. Amake Jowaki ankawapatsa moni patali. Bambo anga anakhala miyezi osaponda ku Chinyonga. Azakhali sanaitanenso munthu paulendo, kupatula ine, ndipo msewu wa ku Chikwawa sanautengenso. Masiketi aja anawadula n'kusokera ana a sukulu mayunifolomu.

Pochokera ku mwambo wa chiliza uja ku Nsanje ndinatsikira ku Chinyonga, ngakhale ndinalibe chochita kumeneko. Kanyumba kaja kakadalipo, mukukhala banja lina lachinyamata. Mayi wa m'nyumbamo anandilola kuzungulira nditamuuza kuti munkakhala abale anga. Apaka penti yobiriwira, aika magetsi, pakhomo aikapo chitseko chachitsulo. Koma felemu ya khomo ndi yomwe ija, ndipo mbali zonse ziwiri, cha m'chiuno mwa munthu, thabwa linadyeka n'kulowa mkati, pamene mahandulo ankakhula polowa ndi potuluka. Penti yalowa m'maenjemo koma sinawadzaze. Mayiyo anati ankayesa kuti ndi chiswe. Kuseri, pamene kale unkaima n'kuona Soche mbali iyi ndi Ndirande mbali inayo, woyandikana naye anamanga mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu, pamwamba pake n'kuzikapo magalasi osweka. Ndinaima pamenepo kanthawi, mayiyo akundidikira ndi beseni la zochapa m'manja. Ndinali nditaima pamalo pake poyanikira.